Kanema Wogawana pa Mkwamba

Amuna anga anali mphunzitsi, ine telala. Tinkakhala m'nyumba ya sukulu, m'mudzi wina cha kufupi ndi Minga, m'zaka zija za chipani chimodzi pamene sopo tinkachita kukamufolela ku Petauke. Ine ndinkasoka mayunifomu a ana pa khonde, iwo ankaphunzitsa masamu ndi sayansi. Anali munthu wofatsa mopweteketsa mutu. Ukamakalipa ankangokuyang'ana pamwamba pa magalasi ngati akudikila kuti umalize funso. Ine kufatsa sindinabadwe nako, ndipo sindinanamizepo munthu kuti ndili nako.

M'mawa ulionse zinkayenda chimodzimodzi. Ankatuluka m'nyumba choko m'thumba, mabatani atamanga mosemphanitsa, kolala mbali ina m'mwamba ina pansi. Ndinkawaimitsa pakhomo, chala m'mwamba, n'kuwauza za nkhuni, za denga lodontha, za abale awo a ku Ndake amene ankabwela kudzationa n'kuiwala njila yobwelela kwawo. Ndikamaliza ndinkawakonza kolala ija, chifukwa mwamuna wa telala sangaime pamaso pa anthu ngati wagona m'nkhokwe. Iwo ankangoti, "Zikomo amai," n'kumapita.

Mavuto anabwela ndi galimoto ya kanema ya boma, ija inkazungulila m'midzi kuonetsa anthu kapopeledwe ka thonje. Woonetsa wake anali ndi filimu ina yoonongeka, lamba wautali wakuda bii wokhala ndi timabowo m'mbali, ndipo ankafuna kuitaya. Amuna anga anaipempha. Anafika nayo kunyumba ili m'chitini chafulati, ataikumbatila ngati atola mwana.

"N'chiyani chimenecho?" ndinawafunsa.

"Kanema, amai. Koma sanalembedwe."

Anandifotokozela, ngakhale sindinawapemphe. Ati anthu a pa kanema sayenda ayi, ndi zithunzi zoima, kungoti zimathamangitsana mpaka diso limanamizika. Ati ukakanda chakudacho ndi chinthu chosongoka, kuwala kumadutsa pokandikapo, ndiye munthu angathe kupanga kanema popanda kamela, kumangojambula pamanja kachithunzi kamodzikamodzi. Kachithunzi kalikonse kanali ngati chikhadabo cha chala chaching'ono. Ndinafunsa kuti pamafunika tingati. Anati makumi awili ndi tinayi pa sekondi imodzi. Ndinawayang'ana, ndinayang'ana denga lodontha lija, n'kubwelela ku makina anga.

Chinthu chosongoka chimene ananenacho anali masingano anga. Sanandiuze. Ndinangoona kuti singano iliyonse ndikaitenga ikukana kulowa mu nsalu, itabuntha ngati msomali. Masiku amenewo singano sinali chinthu choseweletsa, umachita kutuma munthu wopita ku Chipata. Tsiku lina ndinawapeza masana ataweluka, atakhala pa windo, lamba uja atamukhoma pa thabwa ndi misomali iwili, diso limodzi pa galasi lokulitsa la ku kalasi ya sayansi, singano yanga ili kwee, kwee. Pambali panali inki yofiila yochongela mabuku ndi kabotolo ka mankhwala abuluu aja opaka pa zilonda, kamene ine ndinakafuna mlungu wathunthu mwana atagwa pa njinga.

Tsiku limenelo ngakhale nkhuku za aneba zinasamuka. Iwo anandimvetsela mpaka kumapeto, koma ndinaona kuti sakuyang'ana nkhope yanga, akuyang'ana chala changa. Kenaka anati, "Tabwelezani pang'ono pamene munakweza dzanja paja." Ndinaganiza kuti ayamba misala.

Ntchito imeneyo inawatengela zaka ziwili. Anzawo Loweluka ankapita ku mpila kapena ku mowa, anga anali pa windo, kwee, kwee. Azimai anzanga ankati ndili ndi mwayi, mwamuna wosayenda. Ine ndinkati bola woyenda, amabwelako ndi nkhani. Nthawi zina ndinkamusuzumila lamba uja iwo kulibe, kumunyamula pa dzuwa, koma sindinkaonapo kanthu, timizele tokhatokha ngati pamene nkhuku yapalasa.

Atamaliza, wansembe wina wachizungu wa ku mishoni anavomela kubwela ndi makina ake oonetsela kanema pamodzi ndi jeneleta. Koma masiku amenewo anthu sankangosonkhana popanda atcheyamani a chipani kudziwa. Atcheyamani anabwela kunyumba kudzafufuza. Anatambasula lamba uja, kumuyang'ana pa dzuwa, kumutembenuza, kumununkhiza, n'kufunsa ngati muli ndale. Amuna anga anati muli mvula ndi chimanga. "Ndiye chitukuko chimenecho," anatelo atcheyamani, ndipo analola, bola iwo ayambe alankhula kaye.

Linali Loweluka masana, mwezi wotentha. Tinatseka mawindo a kalasi ndi mabulangeti obweleka nyumba ndi nyumba, moti mkati munkanunkha tulo ta mudzi wonse. Anthu anadzaza mpaka pakhomo. Alongo awo a amuna anga, alamu anga a ku Ndake, analiponso, pokhala inali imodzi mwa nthawi zija anaiwala njila. Ine ndinavala chitenje chatsopano n'kukhala kutsogolo. Ndinene zoona, ndinkafuna kuona chimene chinadya masingano anga.

Atcheyamani anayamba. Analankhula za umodzi, za zimbudzi, za makhadi a chipani, za anthu ochedwa ku misonkhano, n'kubwelelanso ku zimbudzi. Thukuta linatsika. Ana anagona, kudzuka, kugonanso. Ndiye pa kampata ka bulangeti ndinaona mbuzi zitatu zitakwela pa mphasa imene ndinayanikapo nshawa zanga, zokolola za chaka chonse. Ndinati ndithamange kamodzi, pakuti atcheyamani anali asanafike n'komwe pa nkhani ya feteleza, ndipo aliyense ankadziwa kuti feteleza yekha amawatengela theka la ola.

Kaya tsiku limenelo feteleza anamuiwala, kaya pakhosi panauma. Ine ndili mkati mothamangitsana ndi tonde wina wamwano kuzungulila chimbudzi cha sukulu, ndinamva jeneleta ikulila, kenaka phokoso ngati kalasi ikugwa. Ndinasiya mbuzi, kukwinya chitenje, liwilo. Pofika pakhomo, khoma linali loyela mbee, kanema watha. Zaka ziwili za kwee kwee zinatha pa mphindi imodzi ndi theka.

Anthu anali gonegone ndi phwete. Atandiona, onse anatembenuka nthawi imodzi n'kukhala chete, milomo ikunjenjemela. Ine ndinakweza chala n'kufunsa kuti, "Mukuseka chiyani?" Basi ndiye ndinawayatsa. Atcheyamani anagwa pa benchi. Wansembe anabisa nkhope m'chipewa. Mai wina anachita kumutulutsa kunja kuti akapume.

Anthu anakuwa kuti abweleze. Wansembe anakulunganso lamba, kumulowetsa m'makina, kutsegula. Babu linangoti phu, kautsi pang'ono, mdima. Lina analibe. Anati aitanitsa kwawo kunja, lifika. Tinadikila, mvula inagwa, inatha, inagwanso, wansembeyo anakalamba n'kubwelela kwawo, babu osafika. M'dela lonse munthu mmodzi yekha amene sanaone kanema wa amuna anga anali ine.

Kuyambila tsiku limenelo moyo wanga unasintha. Ku chitsime azimai ankandipatsa moni pokweza chala. Ana a sukulu ndikamadutsa ankabisala pansi pa madesiki n'kumaseka. Ku tchalitchi ndikangokweza dzanja kuti ndikande pamutu, mzele wonse unkagwedezeka. Ndinafunsa amuna anga kamodzi kokha.

"Mwandijambula ine?"

"Mudzaona nokha, amai, babu likabwela."

Sindinafunsenso, iwo kapena wina aliyense. Ndikafunse ndani, kuti andisekenso? Koma zinandipweteka, ndinene poyela. Munthu amene ndinkamuchapila, kumuphikila, kumubelekela ana, anakhala zaka ziwili pa windo langa, ndi masingano anga, kukonza zoti mudzi wonse undiseke. Umu ndi mmene ndinkaganizila, ndipo ganizo limeneli ndinkagona nalo, kudzuka nalo. Chimene chinkandiwawa koposa n'chakuti masana ena ankatsegula chitini chija, kusolola nsonga imene inali kunja, kuiyang'ana pa windo ndi galasi lawo, n'kumamwetulila okha. Nthawi zonse nsonga yomweyo.

Ndiye kunamveka kuti kukubwela woyendela masukulu. Malaya oyela a amuna anga, amodzi okhawo abwino, kolala yake inali itafooka ngati tsamba la chibwabwa lofota. Nsalu yolimbitsila kolala m'sitolo munalibe. Ndinayang'ana m'nyumba monse, maso anga n'kugwela pa chitini chija. Sindinganame kuti ndinalibe njila ina, katoni inalipo. Ndinasolola nsonga yawo yokondedwayo, kuyeza mikono iwili, sizasi khwapu. Ndinaipinda pawili, kuilowetsa m'kolala, kusoka bwinobwino. Kolala inaima nji ngati ya bwanamkubwa.

M'mawa mwake anavala. Atagwila pakhosi anamva kuti tswa tswa. Anaima, analowa kuchipinda, ndinamva chitini chikutseguka. Ine ndinali nditakonzeka kale, mau ndinali nawo okwana sabata. Anatuluka pang'onopang'ono, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nthawi yaitali, kenaka anati, "Mwasankha pabwino, amai." Ndinayesa akundinyogodola. Tsiku limenelo kolala sindinaikonze, inali yoima kale.

Chichokele pamenepo malaya amenewo sanalole kuti ndiwakhudze. Ankachapa okha, mwamuna wamkulu atawelama pa beseni anthu akuona, kolala ataigwila m'mwamba kuti isalowe m'madzi, n'kumangoipukuta ndi kansalu konyowa. Simbi yamoto sinkafika pamenepo. Azimai anayamba kunena kuti ndawadyetsa mankhwala. Ankawavala pa masiku akuluakulu okha, ndipo chitini chija sanachitsegulenso.

Patapita zaka zochepa anadwala chifuwa, masabata atatu okha, n'kutisiya. Tinakawaika kwawo ku Ndake. Amuna osambitsa malilo atandifunsa chovala, ndinapeleka malaya oyela aja, chifukwa ndiwo anali abwino.

Kwathu kuno katundu wa mwamuna amagawana abale ake a kwa amai ake, ndipo wogawa ndi malume. Amalume awo anali nkhalamba yachilungamo moopsa, yoti ingagawe dzila limodzi anthu khumi. Anafika kusukulu ndi gulu lawo. Njinga inapita kwa uyu, wailesi kwa uyo, nsapato kwa wina, magalasi kwa mphwawo amene maso ake analibe vuto lililonse. Makina osokela anandisiyila, pokhala anali anga. Atafika pa chitini chija anasolola lamba n'kuona kuti sakutha. Aliyense ankamufuna, chifukwa mbili ya kanemayo inali itafika mpaka ku Nyimba. Amalume anaganiza pang'ono, kenaka anaimilila, kutambasula manja onse awili ngati wogulitsa nsalu, n'kuyamba kuyeza. Panatuluka mikwamba isanu ndi inayi. Anandipempha sizasi, ndinawapatsa. Iwo anatenga iwili, ena umodziumodzi. Anandifunsa ngati ndikufuna wanga, ine ndinati ndikaphikila chiyani. Mumtima ndinati apite nazo zonyoza zawozo.

Ndinasamukila ku Petauke, n'kumasoka pa khonde la sitolo ina. Zaka zinapita, ana anakula, tsitsi linayamba imvi. Kumeneko za chala changa ankazidziwa ochepa, koma ine sindinaiwale.

Tsiku lina masana panaima galimoto yafumbi, n'kutsika mzungu wamtali woonda, mphuno itasupuka ndi dzuwa, atavala chipewa chachikulu chansalu. Ankalankhula Chinyanja cha m'buku, chimene anaphunzila kwa wansembe uja asanamwalile. Anati wansembeyo mpaka tsiku lomaliza ankakamba za kanema wa mphunzitsi wina wa kuno, ndipo iye wayenda ulendo wonsewu kudzamufuna. Anati ntchito yake ndi kusonkhanitsa makanema osowa, makamaka ojambula pamanja, ndipo alipo anzake angapo m'maiko osiyanasiyana amene amalimbilana zinthu zotele.

"Kuti muzitani nazo?" ndinamufunsa.

"Timasunga, amai. M'chipinda chozizila."

"Ngati nsomba?"

"Pafupifupi."

"Mumaonela?"

"Kawilikawili ayi. Kuonela kumazikalambitsa."

Ndinasiya kupalasa makina kuti ndimuone bwino. Ndinamufunsa chimene chimamukomela pa chinthu chimene sachiona. Anati makanema ena onse ali ndi anzake mazanamazana, ukaotcha mmodzi ena amatsala, koma uyu ndi mmodzi yekha pa dziko lonse, ndipo kachithunzi kalikonse kanakhudzidwa ndi dzanja la mwini wake. Ndinamumvela chisoni, chifukwa ndinaona kuti matenda ake ndi omwe aja a amuna anga. Kenaka ndinamuuza za amalume ndi sizasi. Anakhala pansi pa sitepe, osapempha n'komwe mpando.

Anati ndikamuthandiza kupeza zidutswazo andigulila makina atsopano. Ndinati anga akusoka. Ndiye, kaya pofuna kungondionetsa kuti si wakuba, anatulutsa m'galimoto kabokosi kokhala ndi chopukusila cha dzanja ndi kagalasi kakang'ono kutsogolo. Anati ndi koonelamo filimu munthu mmodzi, kamayendela mabatile.

"Babu lake lilipo?"

"Lilipo, ndi lina lapadela."

Ndinavindikila makina anga n'kuuza mwini sitolo kuti ndibwela Lolemba. Ndinkafuna kudziwa, ndisanafe, chimene mwamuna uja anauza anthu za ine.

Ku Ndake tinafikila kwa alamu anga aja. Iwo mkwamba wawo anausunga bwino, atakulunga m'kachitini pamodzi ndi makhadi a ubatizo. Mzungu anavala magolovesi oyela asanaugwile, zimene zinachititsa alamu kufunsa ngati lambayo ali ndi matenda. Zidutswa zinazo ndiye zinali kuntchito. Wina anachipachika m'munda wa mapila kuti chiziopseza mbalame, ndipo dzuwa linali litachisandutsa chofiilila. Wina ankayezela mizele ya thonje, ati timabowo take sitinama. Wina anamangila nyali ya njinga. China tinachipeza pa khomo la nkhokwe, mwini wake atatsimikiza kuti chiyambile kuchipachika mbewa zinachepa. Paliponse mzungu ankabuula motsitsa ngati munthu womva dzino.

Amalume anali akadali moyo, maso okha atachita mdima. Mikwamba yawo iwili anaizunguliza pa chipewa chawo cha mlaza, chimene ankapita nacho ku milandu ndi ku malilo. Anatimvetsela, kenaka anati cholowa sagulitsa, koma kubweleka amabweleka. Aliyense apeleke chake, amai a ana aone, akatha abweze. Mzungu anatsegula pakamwa, ine ndinamuponda phazi.

Kulumikiza kunali kosavuta, chifukwa amuna anga, pokhala a masamu, anali atakanda timanambala m'mphepete. Mzungu anatulutsa guluu wake wapadela. Ndinakana. Chomata ndi guluu ubweza bwanji? Ndinatenga singano ndi ulusi woonda, n'kulumikiza zidutswazo kudzela m'timabowo tam'mbali, msoko woti mawa umasuke. Iye anayang'ana kumbali ngati munthu amene m'bale wake akumuchita opaleshoni.

Tinamaliza dzuwa lili pamutu. Anaika kabokosi pa mtondo wovundikila, pa khonde la alamu, n'kundifunditsa chitenje kumutu pamodzi ndi bokosilo kuti mukhale mdima. Anthu anazungulila bwalo lonse, osati kudzaona kanema, koma kudzaona ine ndikumuona. Ndinawauza kuti aliyense amene atchule mbuzi ndithana naye. Mzungu anayamba kupukusa.

Poyamba panali mdima, kenaka kamzele koyela kakunjenjemela. Kamzele kanasanduka singano, singano inatupa m'chiuno, kumela miyendo ndi duku, n'kuyamba kuyenda. Mayendedwe ake ndinawadziwa nthawi yomweyo, phewa limodzi patsogolo ngati ndikukankha chitseko. Kamkaziko kanaima n'kukweza chala. Pakamwa pake panatuluka timoto tofiila, inki ija yochongela mabuku, timoto n'kusanduka nkhanga zothawa. Chala chinayamba kukula. Nkhuku zinathawa, ana anathawa, mtengo unazula mizu yake n'kuthawa, njinga ya atcheyamani inathawa yokha kusiya mwini wake ali m'malele akupalasa mphepo. Ndinayesa kudzigwila, koma chiseko chinandipulumuka. Ndinaseka m'chitenjemo mpaka bokosi linagwedezeka, ndipo kunja anthu atamva anayamba nawo.

Chala chinapitilila kukwela mpaka chinaboola mtambo. Mvula yabuluu inakhuthuka, mankhwala anga a zilonda aja. Pa chidutswa choopsezela mbalame chija zonse zinaoneka zofiilila ngati kukutuluka dzuwa, ndipo ndinamva mzungu akunong'ona kuti pamenepo mpokongola kuposa ponse. Chimanga chinamela, kukula, kubeleka. Kenaka panaoneka tebulo, pansi pake kamwamuna ka magalasi katabisala. Kanatuluka mokwawa n'kuima, mabatani osemphana. Chala chija chinatembenuka kuchokela kumwamba kuja, n'kuyamba kutsika, kutsika, kulunjika pa iko. Ndiye kagalasi kanangoyela mbee.

Kuseka kunandithela. Ndinavundukula chitenje.

"Pakusowa," anatelo mzungu, akuwelenga timanambala. "Mapeto ake palibe. Ngati mikono iwili. Alipo wina amene sitinamufike?"

Anthu anayamba kulozana, kuwelengana mmodzimmodzi, amalume n'kumalumbila kuti iwo anagawa zonse zimene anapeza. Ine ndinakhala chete, zimene anthu a ku Ndake anali asanazionepo.

"Sanabe munthu," ndinatelo. "Ndinadula ndine, iwo akadali moyo. Ndinalimbitsila kolala."

"Malayawo ali kuti?" Maso a mzungu anawala.

Ndinaloza ku mitengo ya kumanda, kuseli kwa minda. "Avala eni ake."

Anayang'ana kumeneko nthawi yaitali. Kenaka anavula magolovesi ake n'kuwaika m'thumba.

Anakhala masiku atatu akujambula lamba uja ndi kamela, kachigawo kachigawo, mpaka mafilimu ake anatha. Anayesanso kunyengelela amalume. Mapeto ake anagwilizana zosinthana zipewa, pakuti kusinthana chipewa ndi mlendo si kugulitsa cholowa. Mikwamba iwili ija ndinaizungulizanso pa chipewa cha mlaza, mzungu n'kuchiika m'bokosi la thonje ngati mazila. Amalume anatsala ndi chipewa chansalu, ndipo anaumililanso magolovesi, amene ndikumva ankavala pogawa katundu wa malilo mpaka imfa yawo. Kaya chipewa cha mlaza chija chili m'chipinda chozizila mpaka lelo.

Galimoto itapita, ine ndi alamu tinakhala pa mphasa kumasula misoko yotsala, kuti aliyense atenge chake. Mbalame zinali zitayamba kale kudya mapila a eni ake. Ine ndinali nditatsala ndi funso limodzi. Chala chimene chathamangitsa mtengo chikatsikila pa kamunthu kotelo chimakatani? Ndinkaopa kuti amuna anga anandionetsa ndikuwatswanya ngati nsabwe, ndipo kuti n'zimene ankamwetulila pa windo paja.

"Alamu," ndinatelo, maso ali pa ulusi, "inu munalipo tsiku lija."

"Ndinalipo."

"Chala chija chitatsika chinawatani?"

Anasiya kumasula n'kundiyang'ana. "Zaka zonsezi simukudziwa?"

"Ndikanadziwa ndikanafunsa?"

"Safunsa anadya phula, alamu. Ife timayesa achimwene anakuuzani." Anapukusa mutu. "Anthu anangogwila za kuthawa kwa njinga zija, poti ndizo zoseketsa. Chinatsika mpaka pakhosi pawo, chitachepa ngati chala wamba. Ndiye chinawakonza kolala. Mbali iyi, kenaka mbali iyi. Iwo n'kuwelama pang'ono, muja ankachitila. Basi, kanema n'kutha."

Ndinafuna kukalipa. Munthu wanji wosanena chinthu ndi pakamwa, kuchita kuchikanda zaka ziwili pa chikhadabo, kenaka n'kuchivala pakhosi mpaka kumanda ine ndili pompo ndikufufuma ndi mkwiyo? Mau anabwela ambili, chala chinali chitadzuka kale. Ndinachiyang'ana chili m'mwamba choncho, ndinayang'ana ku mitengo kuja, ndipo woti ndimuloze panalibe.

Ndinalila kuposa mmene ndinalilila pa malilo awo. Alamu anandipatsa nsonga ya chitenje chawo, anadikila kuti ndimalize, kenaka anandibwezela singano m'manja, pakuti panali patatsala misoko itatu.